Chithunzi cha mwana wanga chikuzungulira m'mafoni: kodi lamulo lilipo?

Funso:

Ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa usipa pa Kamuzu Road kuno ku Salima. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 17, ali Fomu 3. Adali pachibwenzi ndi mnyamata wa zaka 24 ine osadziwa. Chibwenzi chitatha, mnyamatayo watsegula tsamba la Facebook pa dzina labodza n'kuikapo chithunzi cha mwana wanga asadavale bwino, nambala yake ya foni, ndi mawu akuti ndi woyendayenda wa m'mabala a ku Senga Bay. Pano chafika m'magulupu a WhatsApp, azibambo akumamuimbira usiku, kusukulu wasiya. Nditamva ndidamumenya, foni ndidalanda n'kufufuta zonse. Kupolisi adandiuza kuti ndibwere ndi umboni. Amalume ake akuti tikangokambirana kwa amfumu. Kodi boma lili ndi lamulo pa zimenezi, kapena malamulo a pa intaneti ndi otetezera akuluakulu okha?

Mayi wodandaula, Salima

Yankho:

Mayi, pepani kwambiri. Lamulo lilipo, ndipo pa nkhani ya mwana wanuyu ndi lakuthwa kuposa momwe anthu ambiri amaganizira. Funso lanu lomalizalo sindikulinyalanyaza, ndifikako, chifukwa muli choonadi. Koma ndiyambe ndi foni ija, poti nthawi ikutithera kumeneko.

Mudafufuta, inde. Sindikuimbani mlandu, makolo ambiri akaona zotere manja amathamanga mutu usadaganize. Chomwe ndikufuna mudziwe n'chakuti umboni sudathe. Ngati tsamba la Facebook lija likadalipo, lero lomwe lino pezani kope ndi bolopeni, mukhale pansi ndi munthu mmodzi wodalirika wodziwa foni, mulembe dzina la tsambalo monga momwe lalembedwera, linki yake, tsiku lomwe chithunzicho chidaikidwa, ndi mayina a anthu omwe adalembapo ndemanga. Mulembenso mayina a magulupu a WhatsApp komwe chafika, ndi nambala ya yemwe adayamba kuchiponya mu gulupu iliyonse. Nambala za azibambo oimba usiku aja zili m'foni pa mndandanda wa mafoni olowa, zikopereni pamodzi ndi tsiku ndi ola. Foniyo musaifulashe, musaigulitse, musapatse m'bale wake kuti azigwiritsa ntchito.

Pali msampha umodzi womwe anthu a mtima wabwino amakodwamo. Musapemphe aliyense kuti akutumizireni chithunzicho "kuti tisunge umboni". Mwana wanu sadakwane zaka 18, ndipo kutumiza kapena kusunga chithunzi cholaula cha mwana ndi mlandu pakokha, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Jambulani sikirinishoti ya mawu, ya dzina la tsamba ndi ya ndemanga, chithunzicho chisakhalemo. Ngati pali mnzake wa mwana wanu yemwe chidamufikira m'foni, iyeyo apite ndi foni yakeyo kupolisi akaonetse, osati kufowada.

Ndikukumbuka nkhani ina yomwe ndidathandizapo zaka zapitazo kumidzi ya m'mbali mwa nyanja. Agogo ena adabwera ndi foni atamanga pansonga ya chitenje ngati ndalama ya kuchigayo, galasi litang'aluka pakati, ali ndi chisoni kuti mdzukulu wawo adafufuta mauthenga onse chifukwa cha manyazi. Tidakhala pakhonde kuyang'ana m'foni muja, mulibe kanthu. Kenako mtsikanayo, yemwe nthawi yonseyi adali atazolika n'kumakanda pansi ndi kamtengo, adati chapansipansi: "Koma voisi ija ndidamutumizira Chemwali." Mkulu wake adali asadafufute. Adali mawu a mwamunayo enieni, masekondi osakwana makumi awiri, akuti ukandikana dziko lonse likuona. Mlandu wonse udaima pa kauthenga kameneko. Ndiye mufunseni mwana wanu modekha, osati ndi ndodo pambali, ngati mnyamatayo adamuopsezapo asadachite zimenezi, ndi ngati adauzako wina. Anthu otere sakonda kuchita mwakachetechete, amayamba aopseza.

Tsopano lamulo. Limatchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu 2016. Lambiri limakamba za malonda ndi makalata a pakompyuta, koma chakumapeto kuli magawo anayi otsatizana omwe ndikufuna muwaloweze pamtima ngati nambala ya foni.

Gawo 85 likukamba za zithunzi zolaula za ana. Wojambula, wofalitsa, wotumiza ngakhale wongosunga, akapezeka wolakwa chilango chake chimafika K10,000,000 ndi zaka 15 kundende. Mwana, malinga ndi malamulo aakulu a dziko lino kuchokera pomwe adasinthidwa mu 2017, ndi aliyense wosakwana zaka 18. Chaka chimodzi chomwe chatsala kuti mwana wanu akwanitse 18 ndicho chikusintha nkhani yonseyi. Mawu anu akuti "asadavale bwino" ndi otambalala, ndipo ngati chithunzicho chikufika pa mlingo wa gawo limeneli adzaona ndi apolisi ndi khoti. Koma n'koyenera kuti wofufuza ayambire apa, ndipo inu mum'kumbutse.

Gawo 86 ndi la kuzunza munthu kudzera pa makina amenewa: kumangomutumizira zopempha kapena zonena zolaula, kapena kumuopseza kuti umuvulaza iye kapena katundu wake. Chilango chimafika K2,000,000 ndi zaka zisanu. Apa si mnyamata yekha uja ayi. Bambo aliyense yemwe akumaimba usiku ndi usiku kufunsa mwana wasukulu kuti "ndi zingati" akudzilowetsa yekha m'gawo limeneli, pa nambala yolembetsedwa m'dzina lake. Gawo 87 ndi la kusowetsa munthu mtendere kapena kumulowera m'zachinsinsi mwadala ndiponso mobwerezabwereza popanda chifukwa chomveka, ndipo gawo 88 ndi la kumulondalonda ndi ziopsezo mpaka aziopera moyo wake kapena wa abale ake. Awiriwa chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12. Ndinene pambali kuti ndalama zimenezi zidalembedwa dola ili cha m'ma K700, ndipo kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho miliyoni ija idaphwa. Zaka za kundende ndiye sizidagwe mtengo.

Palinso malamulo akale a Penal Code omwe sadapume. Gawo 137 limalanga wochotsa ulemu munthu wamkazi ndi mawu kapena zochita. Ndipo pali chinthu chomwe simudandifunse koma sindingachilumphe: ngati munthu wa zaka 24 uja adagona ndi mwana wanu, umenewo ndi mlandu wina waukulu, chifukwa lamulo lidasinthidwa mu 2023 ndipo malire adachoka pa zaka 16 kufika pa 18. Zoti "adagwirizana okha" khoti silimva. Funso limenelo musamufunse pagulu. Akamufunse ndi a chisamaliro cha anthu kapena namwino, m'chipinda.

Mwina mwana wanu akuopa kuti popeza chithunzicho adadzijambula yekha n'kutumiza, amangidwa ndi iyeyo. Mantha amenewa atsikana ambiri amawatsekera pakamwa, ndipo amuna ochita izi amawagwiritsa ntchito. Pamaso pa malamulo, iye ndi mwana wofunika chisamaliro ndi chitetezo. N'chifukwa chake ndikuti ulendo uno musapite nokha. Yambani mwafika ku ofesi ya chisamaliro cha anthu paboma, kapena kwa mlangizi woona zoteteza ana wa m'dera lanu, mupite naye limodzi.

Kupolisi musakaimenso pa kauntala pomwe anthu amadandaula za njinga zobedwa. Funsani Victim Support Unit. Kumeneko nenani zaka za mwana poyambirira penipeni, muonetse kope lanu lija, mutchule gawo 85, 86 ndi 87. Mudzadabwa momwe nkhope ya wolemba imasinthira akamva mayi wa usipa akutchula manambala a magawo. Pemphani kuti alembe sitetimenti, akupatseni nambala ya mlandu ndi dzina la wofufuza, ndipo zimenezo muzilembenso m'kope. Kulembetsa mlandu n'kwaulere. Mawu akuti "bwerani ndi umboni" ali ndi mbali yoona, koma kufufuza ndi ntchito yawo, si yanu. Iwo ali ndi mphamvu zomwe inu mulibe. Ndi chilolezo cha khoti atha kufunsa TNM kapena Airtel kuti nambala yakutiyakuti ndi ya ndani, popeza kuyambira 2018 simu khadi iliyonse imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Athanso kulanda foni ya woganiziridwa n'kuipima.

Dzina labodza la pa Facebook lisakufooleni. N'zoona kuti kufunsa kampani ya Meta, eni ake a Facebook, yomwe likulu lake lili ku California, kuti iulule mwini akaunti ndi njira yaitali. Koma mlandu wa kuno kwathu kawirikawiri sudikira kalata ya ku America. Chithunzicho mwana wanu adatumizira anthu angati? Ngati ndi mmodzi, khoti lidzafuna kumva kwa mmodziyo kuti chidatuluka bwanji m'foni mwake. Pa chifukwa chimenechi, chonde, abale anu asapite kukamuopseza kuti tikukakusumira. Mukatero foni ija idzagona pansi pa nyanja usiku womwewo. Asakamumenyenso, mungasanduke oimbidwa mlandu ndinu.

Pakatha sabata ziwiri kuli zii, bwereraniko mukaonane ndi mkulu wa polisiyo, muli ndi nambala ya mlandu m'manja. Zikakanikabe, kuli Malawi Human Rights Commission, kuli Independent Complaints Commission yomwe imalandira madandaulo okhudza apolisi, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Sindikunamizani kuti zidzayenda ngati madzi. Mudzataya masiku a geni, usipa udzakhala m'beseni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'maofesi mwathu fayilo yomwe mwini wake sabwera kudzaifunsa imakwiririka.

Za amfumu. Amalume sakulakwa kuganiza za kumeneko, ndiko tidazolowera kutula nkhawa, ndipo mfumu ili ndi chida chomwe majisitireti alibe: ikhoza kuitana anyamata oyendetsa magulupu a WhatsApp a m'deralo, a pa siteji ya kabaza, a kudoko, a mpira, n'kuwauza pamaso kuti chithunzicho chichoke ndipo woponyanso adzaperekedwa kupolisi. Adimini wa gulupu ali ndi mphamvu yofufuta uthenga wa wina kuti uchokere onse, malinga ngati sipadapite masiku ambiri, komanso yotulutsa munthu. Ntchito imeneyo apatseni amfumu, itha kuchitika mawa lomwe. Koma mlandu weniweniwo si wa pabwalo. Mfumu ilibe mphamvu yoweruza mlandu wotere. Ndaona momwe zokambirana zimenezi zimathera: mwana amaimitsidwa pansi pa mtengo wa mango, mudzi wonse ukumuyang'ana kachiwiri, akufunsidwa chomwe adajambulira chithunzi, mnyamata n'kulipa mbuzi kapena ndalama yomwe imathera m'manja mwa akuluakulu. Nthawi zina wina amadzuka n'kunena kuti poti wamuonongera mbiri angomukwatira. Ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi woletsedwa, ndipo ngakhale ukadaloledwa, mungapereke mwana kwa munthu yemwe wamuchita zimenezi? Abale a mnyamatayo akadzabwera ndi nkhuku kukupemphani kuti mukatseke mlandu, yankho lake n'losavuta: mlandu uli m'manja mwa boma, si wanga.

Tsopano ndifike pomwe boma lathu lili ndi dzanja lalifupi. Inu chomwe mukufuna usiku uno si kuona munthu ali m'chitokosi, n'chakuti chithunzicho chichoke. Kulanga ndi kuchotsa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo lamulo la 2016 lidalimbikira yoyambayo. Ku New Zealand adakhazikitsa lamulo mu 2015, Harmful Digital Communications Act, lomwe lidaika bungwe lolandira madandaulo, Netsafe, kuti lizilankhula ndi makampani ndi wolakwayo msanga, zikakanika khoti n'kulamula kuti zichotsedwe. Ku Australia, chaka chomwecho, adatsegula ofesi yomwe lero imatchedwa eSafety Commissioner, yokhala ndi mphamvu yolamula kampani kuchotsa zozunza mwana, ikakana ilipe chindapusa. Britain idabwera ndi Online Safety Act mu 2023 n'kupatsa bungwe la Ofcom udindo woyang'anira makampaniwo. Pafupi pompano, ku South Africa, munthu amatha kupita kwa majisitireti kukatenga chiletso pansi pa Protection from Harassment Act ya 2011, ndipo Cybercrimes Act yawo ya 2020 imatchula mwachindunji kufalitsa chithunzi cha m'seri cha munthu iye asadalole. Lathu silitchula zimenezo mwachindunji kwa anthu omwe adakwanitsa zaka 18. Mwana wanu akadakhala wa zaka 19, tikadakhala tikusokerera magawo 87 ndi 137 ngati chigamba. Umenewo ndi mpata womwe aphungu athu akuyenera kutseka.

Sikuti kulibiretu kanthu. MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, lili ndi nthambi yotchedwa MwCERT yomwe imalandira malipoti a zovuta za pa intaneti, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 lidaipatsanso MACRA udindo woteteza zinsinsi za anthu monga nambala za foni ndi zithunzi. Kadandauleni kumenekonso, kalata imodzi siipweteka. Kungoti MACRA simanga munthu, ndipo dziko laling'ono ngati lathu likalankhula, kampani ya ku California siithamanga momwe imathamangira ikamva London.

Ndiye kuchotsako muyambe nokha, ndipo zimatheka. Mukamaliza kulemba umboni, osati musadalembe, pitani pa chithunzicho pa Facebook musankhe kuchita lipoti. Posankha chifukwa, musasankhe zakuti akunditukwana. Sankhani chokhudza zolaula ndi munthu wosakwana zaka 18. Kutukwana kwa m'Chichewa, makamaka kwa mawu okuluwika, makina awo ndi owunika awo sakumva bwino, koma chithunzi cha mwana amachiopa chifukwa malamulo a kwawo komwe amawafinya pa chimenecho. Tsamba lonselo muchitenso lipoti kuti ndi la dzina labodza. Pemphani aphunzitsi ake, amayi a Mother Group ndi anzanu a pamsika achite chimodzimodzi, popanda kulembapo ndemanga, chifukwa ndemanga iliyonse, ngakhale yokalipa, imakankhira chithunzicho kwa anthu enanso.

Palinso chida chaulere chotchedwa Take It Down, cha bungwe la ku America loona za ana la NCMEC, chopangidwira zithunzi za anthu osakwana zaka 18. Chithunzi sichichoka m'foni. Chidacho chimangopanga chidindo cha manambala, ngati chala chomwe timadinda polembetsa chiphaso, n'kutumiza chidindocho kwa makampani monga Facebook, Instagram ndi TikTok kuti chikaoneka achigwire. Chimafuna kuti chithunzicho chikhale chili m'foni ya mwini wake. Yang'anani m'malo mosungira zofufutidwa, mafoni ambiri amasunga kwa masiku angapo. Ngati mulibe, zisiyeni, musapemphe wina kuti atumize. Kwa akuluakulu kuli china chofanana nacho, StopNCII. Za WhatsApp ndinene mosabisa: mauthenga ake ndi otsekedwa mwakuti ngakhale kampaniyo siona zomwe anthu akutumizirana, ndipo chomwe chalowa m'foni ya munthu palibe boma lomwe lingachifufute lili patali. Mungathe kuchita lipoti nambala kapena gulupu, ndipo mukatero mauthenga asanu omaliza amapita kukampani, nambalayo itha kutsekedwa. Kupitirira apo, chomwe chimazimitsa moto wa pa WhatsApp ndi mantha. Anthu akamva kuti woyamba uja wanjatidwa ndipo apolisi akulemba nambala za ofowada, mafoni amayera okha. Apa ndi pomwe kulanga kumathandiza kuchotsa.

Ndibwerere ku funso lanu lija, loti kodi malamulowa ndi a akuluakulu. Pa pepala ayi. Gawo 86 silitchula nduna kapena mayi wa pamsika, limati munthu. Koma taonani milandu yomwe imamveka. Mu May 2022 namwino wina wa ku Ntcheu adamangidwa pansi pa lamulo lomweli chifukwa cha zomwe adalemba mu gulupu ya WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko. Mu 2024 bambo wina wa ku Mponela adapezeka wolakwa kukhoti pa nkhani yofanana nayo, ya mu gulupu ya m'dera. Pa milandu yotere palibe yemwe adauzidwa kuti kabwereni ndi umboni. Galimoto idapezeka, mafuta adapezeka, nambala idafufuzidwa m'masiku ochepa. Phunziro lomwe ine ndimatengapo n'lakuti luso lilipo. Apolisi athu amatha kulondola uthenga wa pa WhatsApp mpaka pakhomo la munthu akafuna. Chomwe chimasiyana ndi dzina la wodandaula.

Ndipo mawu a gawo 87 ndi otakasuka moti amalola zimenezi. Kusowetsa munthu mtendere n'kutani? Wandale yemwe wafunsidwa za ndalama za feteleza akhoza kunena kuti wasowetsedwa mtendere. Ku Uganda adali ndi gawo la mawu pafupifupi omwewa mu Computer Misuse Act, ndipo mu January 2023 khoti lawo loona za malamulo aakulu lidalithetsa chifukwa linkagwira aliyense. Kuno kwathu zinthu zikusuntha pang'onopang'ono: aphungu adachotsa mlandu wa sedishoni, wolankhula zodanitsa anthu ndi boma, mu Penal Code mu November 2022, ndipo mu July 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200, lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi ufulu wolankhula wa m'gawo 35 la malamulo aakulu. Ena atamva chigamulochi adayamba kunena kuti tsopano pa intaneti ndi pa ufulu, ungalembe chilichonse. Si choncho. Chigamulocho sichidakhudze gawo 85, ndipo sichidachotse ufulu wanu wokasuma kukhoti kuti wokunenerani zabodza akulipeni chipepeso. Malamulo aakulu omwewo, m'gawo 19 ndi 21, amateteza ulemu wa munthu ndi zinsinsi zake. Mawu aja akuti mwana wanu ndi wa m'mabala mutha kudzawasumira pambali, ngakhale ndikudziwa kuti kwa mnyamata wopanda kanthu chipepeso chimangokhala cha papepala.

Maganizo anga ndi akuti boma likasakaniza zinthu ziwirizi, kunyoza wolamulira ndi kuzunza mwana wasukulu, wovutika ndi mwanayo. Anthu amayamba kuona lamulo lonse ngati chikwapu cha andale, ndipo boma likanena zolimbitsa malamulo a pa intaneti aliyense amatchera khutu mokayika. Zidaoneka kumayambiriro kwa 2025, MACRA itafuna kugula makina owunikira nkhani zabodza pa masamba a mchezo, chisankho chili pafupi: mabungwe adakuwa, ndipo adali ndi chifukwa. Ndalama zotero ndikadakonda zikadapita ku Victim Support Unit za m'maboma, kuti wapolisi wa kumeneko akhale ndi kompyuta, bandulo, mafuta a njinga yamoto, ndi maphunziro a momwe angatengere umboni m'foni osauononga. Australia idafika poletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi akaunti pa masamba a mchezo kuyambira December 2025, ndipo ndamvapo makolo akuti nafenso titero. Kuno, komwe foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi nyumba yonse ndipo simu imalembetsedwa m'dzina la agogo, sindikuona momwe zingagwirire. Ndiponso mwana wanu sadapwetekedwe chifukwa adali ndi akaunti. Adapwetekedwa ndi munthu wamkulu yemwe ankadziwa chomwe akuchita.

Izi zikundifikitsa kwa iye mwini. Mwandiuza kuti mudamumenya, ndipo ndikuyamikani kuti simudabise. Panopa m'mutu mwake dziko lonse lamuona, kusukulu sangapite, pamsika sangadutse, ndipo munthu mmodzi yemwe akadathawirako ndi amene adakwiya. Atsikana ena pa nthawi ngati imeneyi amaganiza zodzipha, ndipo sanena. Musamusiye yekha nthawi yaitali. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotseni m'nyumba mwakachetechete. Mukaona wasiya kudya, sakugona, kapena akugawa zinthu zake, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Nambala 116 ndi yaulere, ndi ya ana, atha kuimba yekha n'kulankhula ndi mlangizi yemwe samudziwa, ndipo nthawi zina kwa mlendo ndi komwe mwana amamasuka. Ya 5600 ndi ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, inunso mutha kuimba. Ndipo ngati mungathe, muuzeni ndi pakamwa panu, mukusankha mpunga kapena mukuyanika usipa pathandala, kuti kukwiya kuja kudali mantha, ndipo wolakwa mukumudziwa. Zomulangiza za zibwenzi ndi zithunzi zidzabwera, ino si nthawi yake.

Kusukulu pitani nokha kaye mukaonane ndi mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi mayi mmodzi wa Mother Group. Muwauze kuti nkhani ili kupolisi, kuti mwana ndi wodandaula osati wolakwa, ndi kuti wophunzira aliyense wopezeka akuonetsa anzake chithunzicho akupalamula mlandu. Musalole kuti amuimitse sukulu ati "wachititsa manyazi". Ali Fomu 3, mayeso a MSCE ndi chaka chamawa, ndipo teremu imodzi yotayika pano siibwerera. Akakanitsitsa kubwerera pa sukulu yomweyo, pemphani transifa, mwina kwa achibale ku Chipoka kapena ku Khombedza, kusiyana n'kuti akhale pakhomo. Mlandu ukafika kukhoti, uzani woimira boma kuti apemphe majisitireti kuti mwana akaperekere umboni m'chipinda chopanda anthu, lamulo limalola, ndipo dzina lake siliyenera kutuluka m'nyuzipepala kapena pawailesi.

Foni mudzamubwezere apolisi akathana nayo, ndi nambala yatsopano yomwe adzapatse anthu ochepa okha. Kumulanda mpaka kalekale kumangomudula kwa anzake abwino omwe akumufuna pano. Simu yakale ija musaithyole. Ikulungeni m'kapepala, mulembepo tsiku, muisunge pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo popita ku Victim Support Unit muitenge limodzi ndi kope lija komanso chikalata chilichonse choonetsa tsiku lomwe mwana adabadwa, ngakhale buku lake lakale la kusikelo.